Abusa Díaz a ku Bronx: phazi, mlomo ndi mdzukulu

Mapanga awiri avumbwitsa. Mwambi umenewu suchedwa kutuluka pakamwa anthu akamva kuti abusa akutiakuti akatenga mafomu, akufuna kukaimira dera lawo ku nyumba ya malamulo. Ena amaunena mokwiya, ena mwachisoni, koma onse amaloza kumodzi: munthu mmodzi sangawete nkhosa ndi ndale nthawi imodzi, china chidzagona ndi njala.

Anthu a ku Tennessee, chimodzi mwa zigawo 50 za dziko la America, maganizo amenewa sanawasiye pakamwa pokha. Anawalemba m'malamulo aakulu a chigawo chawo mu 1796, kuti mbusa kapena wansembe wa mpingo uliwonse asakhale phungu, poti iye anadzipereka kwa Mulungu ndi kusamala mizimu ya anthu, ndipo sayenera kusokonezedwa pa ntchito yaikulu chotere. Lamulolo linakhala zaka zoposa 180. Mu 1978 bwalo lalikulu kwambiri la milandu m'dzikomo linaligwetsa, pa mlandu wa a Paul McDaniel, mbusa wa Baptist wa ku Chattanooga, amene wopikisana nawo pa chisankho anawasumira kuti achotsedwe chifukwa cha ubusa wawowo. Oweruza anati munthu sangakakamizidwe kusankha pakati pa kutumikira mpingo wake ndi ufulu umene nzika ina iliyonse ili nawo. Mawu akufawo anatsalabe papepala kufikira 2022, pamene anthu a ku Tennessee anavota kuti afafanizidwe.

Ine ndili mbali ya oweruzawo. Mbusa ndi nzika, amakhoma msonkho, ana ake amaphunzira sukulu zomwezo, akadwala amakagona chipatala chomwecho. Zoti alowe kapena asalowe m'ndale, nkhani imeneyo inatha. Chimene chatsala ndicho cholemera: akamalowa m'nyumba ya malamulo, za ku gome amatengako ziti, ndipo amaiwala ziti?

Chaka chomwecho cha 1978, mwamuna wina wa ku Bronx, mu mzinda wa New York, anadzozedwa kukhala mbusa mu mpingo wa Chipentekoste wa Church of God. Dzina lawo ndi a Rubén Díaz. Anabadwira ku Bayamón pa chilumba cha Puerto Rico mu 1943, analowa usilikali wa America akadali mnyamata, ndipo mu 1965 anafika ku New York monga ankachitira anzawo ambiri a pachilumbapo posaka ntchito. Chiyambi chawo mu mzindawo chinali choipa. Anagwidwa ndi chamba komanso heroin, anavomera mlandu, koma khothi silinawatsekere, linawasiya kunja kuti aziyang'aniridwa. Posakhalitsa anatembenuka mtima. Amene anachezerapo pa mapemphero a usiku a Chipentekoste akudziwa kulemera kwa umboni wotere. Munthu amene amati Yesu anamutola m'ngalande sakamba za chikhulupiriro mopepuka. Kwa iye ndi chingwe chimene anatulukira m'dzenje, ndipo salola wina kudulako ngakhale kaulusi kamodzi. Kuuma khosi konse kumene a Díaz anadzaonetsa m'tsogolo muno kumamveka bwino tikayambira pamenepa.

Bronx ya kummwera ya zaka zimenezo inali malo owawa. Nyumba zosanjikizana zinkapsa usiku ndi usiku, zina zotenthedwa dala ndi eni ake kuti alandire ndalama za inshuwalansi. Amene anali ndi kothawira anathawa. Pulezidenti Jimmy Carter atapitako mu 1977 anakaima pakati pa mabwinja mu msewu wa Charlotte, dziko lonse n'kuona pa zithunzi zimene anthu a kumeneko ankaziona pawindo tsiku lililonse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Díaz sanadikire boma. Anaphunzira n'kutenga digiri ku Lehman College, anatsegula malo osamalirako okalamba, anayambitsa mpingo, kenaka anasonkhanitsa abusa anzawo olankhula Chisipanishi m'bungwe la New York Hispanic Clergy Organization, limene iwo analitsogolera kwa zaka zambiri. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Phazi analisiya ndithu, ndipo linaoneka bwino m'misewu imene ena ankaopa kuiponda.

Mu 2001 anasankhidwa kukhala khansala wa mzinda, ndipo chaka chotsatira anapambana mpando wa ku Seneti ya chigawo cha New York. Ku America chigawo chilichonse chili ndi boma lakelake, bwanamkubwa wake ndi nyumba yake ya malamulo, ndipo nkhani zambiri zomukhudza munthu pakhomo pake, monga ukwati, sukulu, lendi ndi thandizo la kuchipatala kwa osauka, zimagamulidwa kumeneko. Likulu la chigawo cha New York si mzinda wotchuka uja ayi, ndi Albany, chakumpoto m'mbali mwa mtsinje wa Hudson. Kumeneko kuli nyumba ziwiri: Assembly ya aphungu 150, ndi Seneti, imene nthawi imeneyo inali ndi mipando 62. A Díaz anakhala pa mpando wa dera la nambala 32, la madera monga Soundview, Castle Hill ndi Parkchester, kuyambira 2003 mpaka 2017. Zaka ziwiri zilizonse kunkakhala chisankho, ndipo zaka ziwiri zilizonse ankabwerera, chipewa chawo cha khonde chili kumutu, chija chimavalidwa ndi oweta ng'ombe a ku Texas, chimene anthu ankawadziwira nacho ali patali.

Ambiri timaganiza kuti mbusa wosunga chiphunzitso chakale ku America ndiye kuti ndi wa chipani cha Republican. Awa anali a Democrat, chifukwa ku Bronx pafupifupi aliyense ndi wa Democrat, ndipo mpando umapezeka kapena kutayika pa chisankho chachipulula cha chipanicho. Pa nkhani za amphawi, okalamba ndi obwera kuchokera kunja, nthawi zambiri ankaima ndi chipani chawo. Pa nkhani ziwiri, kuchotsa mimba ndi maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ankatsutsana nacho maso ndi maso. Owavotera sikuti onse ankagwirizana nawo pa ziwirizi. Mavoti a kumalo osauka amatsata munthu wooneka, amene ofesi yake ili ndi khomo lotseguka agogo akalandira kalata yowatulutsa m'nyumba ya lendi. Onjezani gulu la abusa amene Lamlungu lililonse ali ndi anthu patsogolo pawo, muona chifukwa chake panalibe wowagwedeza.

Koma mlomo nawo unali utayamba kale ulendo wake. Mu 1994, ali membala wa bungwe lomva madandaulo a anthu wamba pa apolisi a mzindawo, analemba m'nyuzipepala ya Chisipanishi kuti masewera a Gay Games, okonzedwa ndi amuna ndi akazi ogonana okhaokha, amene ankachitikira ku New York chaka chimenecho, adzafalitsa Edzi. Nthawi imeneyo Edzi inkapha anthu zikwizikwi mu mzindawo chaka chilichonse, ndipo ku Bronx ambiri inkawapeza kudzera m'majakisoni obwerekana a heroin yomweyo imene abusawa anapulumukako. Akanayenera kukhala oyamba kudziwa kuti nthendayi siyang'ana nkhope. Ife amene tinaika abale athu m'manda m'zaka zomwezo tikukumbukira zimene kuloza chala kunachita: odwala anabisala m'zipinda, nafa osakayezetsa. Mu 2003 anasumiranso mzinda chifukwa chokulitsa sukulu ya Harvey Milk, imene inatsegulidwira anyamata okonda anyamata anzawo ndi atsikana okonda atsikana anzawo amene ankazunzidwa m'sukulu zina. Iwo ankati ndalama za boma zisamakondere gulu limodzi pamene ana a ku Bronx akusowa zophunzirira zabwino. Pa mfundo ya ndalamayo munthu angathe kukhala pansi n'kukambirana. Koma amene anamva mawu a 1994 sakanathanso kumva mfundoyo ndi khutu loyera.

Mphamvu zenizeni zinawafika mu Novembala 2008. Chipani cha Democrat chinapambana mipando 32 ku Seneti, a Republican 30, koyamba patatha zaka zoposa 40 chipanichi chili kumbali yotsutsa. Kusiyana kwa mipando iwiri kumatanthauza kuti aliyense wa 32 aja ndi mfumu payekha. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. A Díaz ndi anzawo atatu, Pedro Espada, Carl Kruger ndi Hiram Monserrate, anakhala pamkhatepo: anakana kulonjeza kuti avotera Malcolm Smith kukhala mtsogoleri wa nyumbayo kufikira zofuna zawo zitamveka. Espada ameneyu ndi yemwe a Díaz anamulanda mpando mu 2002, koma tsopano anali kudyera mbale imodzi. Panali kukambirana za maudindo ndi makomiti, ndipo nyuzipepala za nthawiyo zinalemba kuti chachikulu kwa abusawa chinali chitsimikizo choti bilu ya maukwati a amuna kapena akazi okhaokha isabwere m'nyumbamo. Smith anakhala mtsogoleri mu Januwale 2009, a Díaz n'kupatsidwa upampando wa komiti yoona za okalamba. Mu Juni chaka chomwecho Espada ndi Monserrate analumphira kwa a Republican, Seneti n'kuima chilili kwa mwezi wathunthu, malamulo ofunika ali mbwee patebulo. Pa chiwembu chimenecho a Díaz sanapite nawo.

Apa mtima wanga umagawanika. Chikumbumtima chikalowa mumsika, chikuyendera limodzi ndi ofuna mipando ndi ndalama, woonera patali sangasiyanitse wolalikira ndi wogulitsa. Ndipo anzawo aja onani kumene anathera. Monserrate anachotsedwa mu Seneti mu 2010 khothi litamupeza wolakwa pa mlandu wovulaza chibwenzi chake, kenaka anamangidwa pa za katangale. Kruger anavomera mlandu wa ziphuphu, nalamulidwa zaka 7. Espada anapezeka wolakwa pa kuba ndalama za zipatala zing'onozing'ono za anthu osauka a ku Soundview komweko, nalamulidwa zaka 5. Ngakhale Smith amene ankamukanira uja anadzalowa ndende pa mlandu wa ziphuphu. Amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma pano mwambi unaphonya: mwa anayi aja, a Díaz okha ndiwo sanakalowe ndende. M'nyumba imene aphungu ankatuluka motsatizana atamangidwa maunyolo, mbusayu anatuluka ndi miyendo yake. Zimenezi si zazing'ono, ndipo wowada aliyense ayenera kuzivomereza.

Chitsimikizo chija sichinagwire. Pa 2 Disembala 2009 biluyo inabwera, ndipo inagwa ndi mavoti 38 okana, 24 ovomera. Chimene chimandikhudza pa tsiku limenelo ndi ichi: mwa okana 38 aja, mmodzi yekha ndiye anaimirira pa zokambirana n'kunena chifukwa chake, ndipo anali a Díaz. Enawo anakhala duu, mayina awo ataitanidwa anangoti ayi, n'kutuluka. Munthu wokana poyera, dzina lake ndi nkhope yake zili pamtetete, amalemekeza ngakhale amene akutsutsana nawo, chifukwa amawapatsa choti ayankhe. Wokana mwakachetechete amangofuna kuti mawa adzathe kutembenuka popanda womukumbutsa.

Ndipo anatembenukadi. Pasanathe zaka ziwiri, usiku wa pa 24 Juni 2011, biluyo inabweranso, bwanamkubwa watsopano Andrew Cuomo akuikankha ndi mphamvu zake zonse. Nthawi ino Seneti inali m'manja mwa a Republican, koma anayi a iwo anavomera. A Democrat amene anakana mu 2009 n'kukhalabe m'nyumbamo anasintha onse, kupatula mmodzi. A Díaz anaimirira, nati tanthauzo la ukwati anakhazikitsa kalekale ndi Mulungu, osati Albany. Nthawi yolankhula inali yoyezedwa, ndipo wapampando, Robert Duffy, wachiwiri kwa bwanamkubwa, anawadula mobwerezabwereza kuti amalize. Iwo ankapitirizabe, Chingelezi chawo cholemera ndi kalankhulidwe ka ku Puerto Rico, akudziwa bwino lomwe kuti mavoti awerengedwa kale m'makonde. Zotsatira zinali 33 kwa 29. Cuomo anasaina usiku womwewo, ndipo patatha mwezi maukwati anayamba kumangidwa. Mu 2015 bwalo lalikulu lija linagamula kuti zikhale choncho m'dziko lonse.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo ku nyumba ya malamulo mwambiwu ndi masamu enieni. Pa gome mbusa akalankhula, mpingo umayankha ameni. Ku Seneti amawerenga manja, ndipo dzanja la mbusa ndi limodzi, lofanana ndi la loya ndi la wamalonda. Abusa ambiri olowa ndale chimenechi chimawapweteka, ena n'kuyamba kuona aliyense wowaposa mavoti ngati mdani wa Mulungu. Komabe pa voti ya usiku umenewo ine sindiwapeza chifukwa a Díaz. Anauza anthu awo kuyambira pachiyambi chimene amakhulupirira, anthuwo anawasankha akudziwa, ndipo tsiku litafika anachita chimene ananena, ali okhaokha m'chipani chawo. Ananyozedwa, ndipo iwo anadandaula kuti ena ankawaopseza kuti awapha. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma kuopseza nkhalamba chifukwa cha voti yake ndi uchigawenga, achite ndi wa mbali iyi kapena iyo.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu owerenga mukadakhala ku Albany mukadavota monga anavotera iwo. Mu Julayi 2023 atsogoleri a mipingo ndi Asilamu anatsogolera anthu kuyenda m'misewu ya mizinda ya m'Malawi pa nkhani yomweyi. Choncho sindikulemba kuti ndikuphunzitseni za ukwati. Mipingo ili ndi chiphunzitso chake ndipo ikuchinena momveka. Chimene ndikufuna tiyang'ane pamodzi chinachitika milungu ingapo voti ija isanachitike, ndipo chimakhudza wovomera ndi wokana yemwe.

Pa 15 Meyi 2011 a Díaz anatsogolera msonkhano waukulu ku Bronx wokana biluyo. Mipingo inabwera ndi zikwangwani ndi nyimbo. Chapafupi panaima kagulu kochepa kotsutsana nawo, ndipo m'kagulumo munali mdzukulu wawo weniweni, mtsikana amene amakhala ndi mkazi mnzake. Taganizani agogo ali pa nsanja, maikolofoni ali m'manja, abusa anzawo awazungulira, khamu likuyembekeza mawu amoto, ndipo tsidya linalo paima mwana wa mwana wawo. Munthu wina akadayang'ana kumbali. Iwo anamulandira pa nsanja pomwepo, anamukumbatira anthu onse akuona, nanena kuti ndi mdzukulu wawo ndipo amamukonda. Chibale ndi fupa, sichiola. Pa mphindi imeneyo a Díaz anali mbusa weniweni, woposa amene anadzaima ku Seneti mwezi wotsatira: sanasinthe chikhulupiriro chawo, ndipo sanataye mwana.

Koma pa msonkhano womwewo mlaliki wina anaima n'kunena, akutchula Malemba, kuti ochita zotere ayenera imfa. Mdzukulu uja pambuyo pake analemba m'nyuzipepala ina ya mu mzindawo kuti chimene chinamulasa mtima ndi chimenechi: agogo ake anamuuza kuti amamukonda, koma anakhala chete pamene ena ankatchula za imfa ya anthu onga iye. Ine ndikuti mwanayo ananena zoona. Msonkhano unali wa a Díaz, nsanja inali yawo, ndipo panalibe wina pabwalopo amene mawu ake akadamveka kuposa awo. Kukadangotengera mawu ochepa: abale, ife takana bilu, sitinabwere kudzafunira munthu imfa. Mawu amenewo sakadachotsa kanthu pa chiphunzitso chawo. Akadangoonetsa kuti chikondi chimene anachionetsa kwa mdzukulu wawo sichinali cha magazi okha.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makolo athu ponena zimenezi sankatanthauza mwana womvera yekha, wokhala bwino, wopita ku Sande sukulu. Ankatanthauza mwana aliyense wa m'mudzi, ngakhale amene njira zake sukuzimvetsa. Ku Soundview ndi ku Castle Hill kunali adzukulu a anthu ena ambirimbiri onga mdzukulu wa a Díaz, opanda agogo a pa nsanja owakumbatira. Ena ankagona m'misewu atathamangitsidwa kwawo. Onsewo phungu wawo ku Albany anali mmodzi, yemweyo wa chipewa cha khonde.

Apa ndi pamene gome ndi mpando wa phungu zimasiyanadi, ndipo si chifukwa choti china n'choyera china n'chodetsedwa. Kutchalitchi munthu amabwera mwa kufuna kwake. Chiphunzitso chikamulemera amatuluka n'kukalowa china kutsidya kwa msewu. Dera la phungu munthu satulukamo. Msilamu wochokera ku Bangladesh amene ali ndi sitolo ku Parkchester, mayi wa Chikatolika, mnyamata wosapemphera konse, onse amakhoma msonkho umene umalipira phunguyo, ndipo onse ali ndi ufulu wogogoda pa ofesi yake osaopa kuti ayamba wafunsidwa za moyo wawo wa kuchipinda. Mfumu ndi dzala, amatero akuluakulu: zonse za m'mudzi zimatayidwa pa iyo, zokoma ndi zonunkha, ndipo siisankha. Mbusa wolowa ndale wavomera kukhala dzala la anthu amene sadzabwera konse ku tchalitchi chake. Angathe kuvota motsata chikumbumtima chake, koma pakamwa pake payenera kukhala malo oti wotsutsana naye akhalebe munthu.

Mu 2017 a Díaz anasiya Seneti n'kubwerera ku khonsolo ya mzinda, ndipo kumeneko anapatsidwa ntchito yowayenera kwambiri: upampando wa komiti yatsopano yoona za matakisi ndi magalimoto a hayala. Inali nthawi ya misozi kwa madalaivala. Chiphaso choyendetsera takisi yachikasu, chimene mu 2014 chinkagulidwa ndalama zoposa madola 1 miliyoni, chinagwa mtengo kufika posakwana gawo limodzi mwa magawo anayi, magalimoto a makampani a Uber ndi Lyft atadzaza misewu. Munthu amene anakongola kubanki kuti agule chiphasocho, akuti ndiye penshoni yake ndi cholowa cha ana, ankadzuka m'bandakucha, kuyenda tsiku lonse, madzulo n'kupeza kuti ndalama sizikukwana ngakhale chiwongoladzanja. Mu 2018 madalaivala angapo anadzipha, mmodzi wa iwo pa chipata cha likulu la khonsolo penipeni. Ku Bronx, kumene takisi zachikasu sizinkakonda kufika, anthu ankadalira magalimoto a hayala oyendetsedwa ndi obwera, ambiri a ku Dominican Republic, ndipo amenewa a Díaz ankawadziwa, iwonso ankawakhulupirira. Mu Ogasiti chaka chimenecho khonsolo inaika malire pa chiwerengero cha magalimoto atsopano a makampani aja, n'kutsegula njira yoti madalaivala akhale ndi malipiro osatsikira pansi pa mlingo woikika. Komiti ya abusawa inali pakati pa ntchito imeneyo.

Kenaka mu Febuluwale 2019, polankhula pa pulogalamu ya Chisipanishi yomvedwa ndi madalaivala omwewo, ananena kuti khonsolo ikulamulidwa ndi gulu la amuna ndi akazi ogonana okhaokha. Mwa makhansala 51, asanu okha ndiwo ankadziwika poyera kuti ndi otero, mmodzi wa iwo sipikala Corey Johnson. Anapemphedwa kupepesa, anakana. Mwana wawo weniweni, Rubén Díaz Jr., amene panthawiyo anali mtsogoleri wa Bronx yonse, ananena poyera kuti bambo ake apepese, koma sanamvere. Patangopita masiku ochepa khonsolo inavota n'kuthetsa komiti ija, ntchito zake n'kuziphatikiza ku komiti ya zamtengatenga. Ndimaona kuti khonsolo nayo inalakwa kulanga munthu pophwanya tebulo limene anthu ovutika ankafikirapo. Koma ndodo anawapatsa ndani? Mawu aja sanateteze ukwati wa munthu aliyense, sanatembenuze mtima wa munthu aliyense, sanali ngakhale chiphunzitso. Anali mawu oloza anzawo a ntchito ngati gulu lachiwembu, ndipo amene analipira ndi dalaivala wa ngongole uja, amene anataya malo pamene dandaulo lake linali nkhani yoyamba osati yachisanu. Mlomo wosiyidwa m'njira unawapeza.

Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Phungu wa zaka zambiri wa Bronx ya kummwera ku Congress ya ku Washington, José Serrano, atalengeza zopuma, a Díaz anaima pa chisankho cha 2020, ndipo poyamba ambiri ankati mpandowo ndi wawo, poti dzina lawo linkadziwika pakhomo lililonse ndipo opikisana nawo anali ambiri ogawana mavoti. Pa chisankho chachipulula cha mu Juni anathera pa nambala 3. Wopambana anali Ritchie Torres, mnyamata wobadwa mu 1988, wokulira m'nyumba za boma za anthu osauka ku Bronx komweko, mmodzi wa makhansala asanu aja. Anthu a m'dera limene limawerengedwa pakati pa osaukitsitsa m'dziko lonse la America, ambiri a iwo opemphera, anasankha mdzukulu wa munthu wina. A Díaz anamaliza nthawi yawo ku khonsolo kumapeto kwa 2021. Mu Meyi 2024 anaonekanso pa nsanja ku Crotona Park ku Bronx, akuchemerera a Donald Trump.

Kwathu kuno abusa m'ndale si alendo. A Lazarus Chakwera anatula pansi utsogoleri wa Assemblies of God mu 2013, nakhala phungu, kenaka pulezidenti. Ku Zambia a Nevers Mumba anachoka pa ulaliki n'kufika pa wachiwiri kwa pulezidenti mu 2003. Chisankho chilichonse chikamayandikira, ena ovala kolala amatenga mafomu a uphungu ndi ukhansala, ndipo ndi ufulu wawo. Inu abusa amene mukuganiza zotero, chikhulupiriro chanu pitani nacho, musachibise, ndipo tsiku la voti yovuta imirirani munene chifukwa chanu monga anachitira a Díaz mu 2009. Manja anu akhale oyera pa ndalama. Koma wina akadzaima pa nsanja yanu n'kufunira imfa mwana wa munthu, mulandeni maikolofoni pomwepo, anthu akuona. Ndipo inu akhristu amene mudzawavotere, musanafunse ngati amalalikira bwino, kafunseni kaye kwa anansi awo amene sapemphera nawo ngati khomo la abusawo limawatsegukira.